Make Mingzhu

Ku londile ya ku Coolock aliyense ankamuitana kuti Judy, iye n'kumavomera. Dzinalo anamupatsa ndi kapitawo wathu, mayi wachizungu amene lilime lake linkakana kupindika. Inenso anayesa kundisandutsa Tina, koma ndinamuuza tsiku lomwelo kuti mayi, ine ndine Tupochele, ngati likukutsamwani imwani madzi. Judy yekha sanadandaule. Ankangomwetulira n'kumapitiriza kulowetsa mashiti m'chimakina chositira.

Inali 2008. Ine ndinabwera ku Dublin kudzachita masitazi, sukulashipu n'kutha, koma kubwerera ku Malosa chimanjamanja ndinakana. Londileyo inkachapa mashiti ndi matawulo a m'mahotela. Ine ndi Judy tinkaima mbali ndi mbali, aliyense atagwira ngodya yake ya shiti, n'kumailowetsa m'makina nthawi imodzi. Ntchito imeneyo sungaigwire ndi munthu amene simugwirizana, chifukwa mmodzi akachedwa pang'ono shiti imalowa mokhota, kapitawo n'kukulalatirani nonse. Ndiye tinazolowerana. Tinkacheza m'Chingerezi chathu chothyokathyoka, ndipo zimene ankanenazo ndazibweza m'Chichewa mmene zinkandilowera m'mtima.

Tsiku lina pa nthawi ya tiyi anandifunsa tanthauzo la dzina langa. Ndinamuuza kuti ndi Chiyao, ndiye kuti tilandire.

"Kulandira ndani?"

"Ineyo, nanga ndani? Ukuona wina pano?"

Kenako anatembenukira ku zenera, limene nthawi zonse linkachita nthunzi, n'kulembapo ndi chala zilembo ziwiri za kwawo, zija zimaoneka ngati nkhuku yapalasa.

"Ichi ndi Zhao, kukodola munthu ndi dzanja kuti abwere. Ichi ndi Di, mlongo wamng'ono wamwamuna. Zhaodi. Kodola mlongo. Dzina langa ndi limeneli, achemwali."

Ndinaseka, ndimayesa nthabwala. Iye sanaseke. Anafufuta zeneralo ndi chigongono n'kuyamba kundifotokozera.

Kwawo, kumudzi wina wa ku Fujian, dzina salitola panjira. Chilembo chilichonse chili ndi tanthauzo lake, ndipo akuluakulu amakhalira pansi kusankha. Wotchula ndi agogo aamuna a kuchimuna. Ena amapita kwa woombeza ndi tsiku ndi ola limene mwana wabadwa, iye n'kuona ngati mwanayo akuperewera madzi, kapena moto, kapena mtengo, ndiye choperewacho amachiika m'dzina kuti moyo wake ukhale wokwanira. Anyamata amapatsidwa mapiri, nyanja, mphamvu. Atsikana amapatsidwa maluwa, mwezi, miyala yokongola.

"Nanga iwe anapeza kuti ukuperewera chiyani?" ndinafunsa.

"Ine sanandipitire kulikonse. Choperewera chinkaoneka ndi maso."

Mng'ono wake anamutcha Pandi, kutanthauza yembekeza mlongo. Wachitatu ndiye anabwera mnyamata. Ameneyo anamuphera nkhumba, anamupitira kwa woombeza wa m'tauni, n'kumutcha Yaozu, walitsa makolo.

Ine magazi anawira. Inde, ifenso kwathu timalemba madandaulo athu pa ana, tili ndi a Mavuto, a Ndaziona, a Tinenenji. Koma Mavuto ndi Mavuto, dzinalo likunena za iye ndi nyengo imene anabadwira. Kutenga kamwana kamene mchombo sunagwe n'kukatuma kuti kakaitane mnzake, ngati kabwera padziko kudzagogoda chitseko cha wina? Ayi ndithu. Komanso kwathu mwana wamkazi ndiye mudzi, akabadwa amayi amalulutira kuti mbumba yakula. Ndinamuuza zonsezi mokweza mpaka kapitawo anasuzumira.

Zhaodi anangoti, "Ntchito ya dzina langa ndinaimaliza ndili kamwana. Chatsala n'kulisenza basi."

Moyo wake unayendadi m'njira ya dzinalo. Sukulu anaisiyira panjira kuti Yaozu aphunzire. Anakalowa fakitale yosoka nsapato, zala zake mpaka lero n'zopindika kunsonga. Atakwatiwa ndi Haitao anabwera ku Ireland pa viza ya ana asukulu, m'zaka zija makireni omangira nyumba anali ponseponse mu Dublin ndipo ntchito inkakuthamangitsa yokha. M'mawa kusukulu ya Chingerezi kuti viza isafe, masana ku londile. Sindinamumvepo akutukwana makolo ake. Chimene ankadana nacho chinali kumva dzina lakelo m'kamwa mwa munthu, n'chifukwa chake Judy analilandira ndi manja awiri.

Risesheni, kugwa kwa chuma kuja, itayamba kuluma ndinasamukira m'nyumba mwawo ku Ballymun, kachipinda kakumwamba, kuti tizithandizana lendi. Alamu anga a Haitao ankaphika mu tekawe ina, malo ogulitsa zakudya zonyamula, ku Balbriggan, ankapita pa sitima n'kubwera akununkha mafuta. Munthu wabwino, wosamwa, wosamenya, wochapa yekha masokosi ake. Koma ubwino wake unali wa phala, wopanda fupa. Foni ikalira kuchokera kwa bambo ake ankaimirira, ngakhale akuluwo sankamuona.

Mu 2009 Zhaodi anaima. Atabwera kuchipatala ndi kachithunzi ka sikani, anandikokera kukhitchini n'kundinong'oneza kuti ndi mtsikana. Nkhope inali yowala.

"Uyu sadzakodola munthu, achemwali. Ndalumbira."

Ine mwa nzeru zanga za ku Malosa ndinati, bwanji osamutcha dzina la agogo ako aakazi aja umati ankakubisira mazira? Mayo ine! Anatseka pakamwa panga ndi dzanja. Kwawo kutcha mwana dzina la wamkulu n'chipongwe, ngakhale chilembo chimodzi chokha suyerekeza kubwereka. Ife timati tadzutsa agogo, iwo amati wawakhalira pamutu. Ndinapepesa, ndipo pofuna kukonza ndinamuuza mwambo wina wa kwathu, kuti mkazi akabereka anthu amasiya kumutchula dzina lake, amangoti make uje.

Anasiya kutsuka mbale.

"Nenaninso."

"Make uje. Amayi anga ine mudzi wonse umati make Tupo. Dzina lawo lenileni ndinalimva koyamba ndili wamkulu, kutchalitchi."

"Ndiye kuti lakalelo limafa?"

"Limafa ndithu, popanda ndi maliro omwe."

Anaseka mpaka misozi. Sindinamuonepo akuseka choncho. M'mawa mwake ku londile analemba pa zenera lija zilembo zina ziwiri. Choyamba anati ndi Ming, dzuwa ndi mwezi zitaima pamodzi, ndiye kuti kuwala. Chachiwiri ndi Zhu, ngale. Mingzhu, ngale yowala, chinthu chimene munthu amachifumbata m'dzanja kuopa kuti chingagwe. Kuyambira tsiku limenelo, mwana asanabadwe n'komwe, ndinayamba kumuitana kuti make Mingzhu. Ankayankha msanga ngati ndamuitanira chakudya.

Vuto linali limodzi. Haitao anali mwana wamwamuna yekhayo kwawo, ndipo apongozi ake a Zhaodi anali atayamba kale kuusa moyo pa foni atamva za sikani. Haitao anati tidikire, abambo adzatchula dzina mwana akakwanitsa mwezi, ndiwo mwambo. Zhaodi anati ndikudziwa chimene adzatchule. Haitao anati sungadziwe. Anakangana mwa Chitchaina, ine ndili pamasitepe ndikungomva mawu akukwera ndi kutsika.

Mwana anabadwa mu Januwale 2010, chaka chija sinowo anatseka misewu mapaipi n'kuuma. Kanali kamwana kofiira, katsitsi njoo ngati burashi. Patangopita masiku owerengeka, Haitao atapita ku ntchito, Zhaodi anagogoda pachitseko changa atavala kale jekete.

"Tiyeni ku ofesi yolembetsa ana."

"Iwe, chilonda chako chapola? Kunjaku ukukuona?"

"Akatchula apongozi poyamba, sindidzathanso kukana. Ndimadzidziwa."

Ndinabereka mwanayo kutsogolo ndi chitenje changa cha mbalame zobiriwira, n'kuvala chikhoti pamwamba. Tinayenda ngati nkhalamba pa ayisi, titagwirana, mpaka pa basi. Ku ofesiko mayi wa pa kauntala anafunsa dzina, Zhaodi analitchula chilembo chimodzichimodzi, mawu ake osagwedera ngakhale pang'ono. Pobwerera ankangotulutsa setifiketiyo m'chikwama, kuiyang'ana, kuibwezera. Ena amati ndinamulimbikitsa zolakwika. Anene. Lero atandidzutsanso ndingamuperekezenso.

Tsiku lokwanitsa mwezi linafika. Kwawo limenelo ndi phwando. Anaphika mazira n'kuwapaka utoto wofiira, mbale yathunthu, kunabwera anzake a Haitao a m'matekawe ndi akazi awo. Haitao anaika foni pakati pa tebulo kuti aliyense amve. Mawu a bambo ake a Haitao anatuluka okhuthala, odekha, mawu a munthu amene sanatsutsidwepo m'nyumba mwake. Analankhula pang'ono, kenako anatchula: Laidi.

Mkazi amene anakhala pafupi nane anandinong'oneza m'Chingerezi kuti ndiye kuti bwera mlongo. Sindinafunikire womasulira, nkhope ya Zhaodi inali itandiuza kale.

Anaimirira mwana ali m'manja. Analankhula mwaulemu, mutu uli pansi, koma analankhula. Pambuyo pake anandiuza mawu ake: "Bambo, pepani, mwana ali nalo kale dzina. Ndi Mingzhu. Lalembedwa ku boma."

Foni inadulidwa. Alendo anayamba kukumbukira kuti sitima ichoka. Haitao anakhala pampando atagwira mutu, akungobwereza kuti wawavula abambo anga pagulu, wawavula pagulu. Ine ndinati alamu, wavulidwa ndani apa, mkulu amene ali ndi zovala zake ku China kapena kamwana aka mukufuna kukatuma kusanache? Mazira ofiira aja palibe anawakhudza, tinadya ine ndi Zhaodi sabata yonse.

Miyezi yotsatira inali yabwino, ndisaname. Mingzhu ananenepa, anayamba kuseka, ndipo mayi ake ankamuitana dzina tsiku lonse ngati nyimbo. Posambitsa Mingzhu, poyamwitsa Mingzhu. Ndinkamuseka kuti ulitha dzinalo mwana asanakule.

Koma kunja zinthu zinali zikugwa. Mahotela ankatsekedwa, otsalawo anayamba kuchapa okha. Ku londile anatidula masiku, kenako tsiku lina tinapeza geti lili ndi loko, ife tili panja ndi mabokosi athu a lanchi ngati ana osowa sukulu. Ine Mulungu anandikomera, ndinapeza ntchito yosamalira okalamba, koma ya mashifiti aatali osadziwika mutu wake. Zhaodi analowa mu tekawe momwe munali mwamuna wake, kusenda mbatata ndi kukazinga tchipisi. Kusukulu ya Chingerezi ankayenerabe kumaonekera, apo ayi viza ifa. Za kireshi, kosungitsa ana masana, musanene, mtengo wake unkaposa zimene ankalandira.

Tinayesetsa, anthu inu. Ndikaweruka ndinkathamangira ku siteshoni, iye n'kundipatsira mwana pa pulatifomu ngati katundu. Masiku amene mashifiti athu agundana ankapita naye ku Balbriggan n'kumugoneka m'katoni, kustolo, pakati pa matumba a mpunga. Zinayenda choncho mpaka tsiku limene mwana anakwawa n'kutulukira kukhitchini, pansi pa chiwaya cha mafuta owira. Haitao anamuona mwamwayi. Mwini tekawe anati sankhani, mwana kapena ntchito, ine sindifuna kutsekeredwa bizinesi.

Anthu akwawo ambiri zikafika apa amatumiza mwana kumudzi kuti akaleredwe ndi agogo, adzamutenge akafika poyamba sukulu. Zhaodi anaimbira mayi ake omubereka. Iwo anati manja adzaza, akulera mwana wa Yaozu, wamwamuna. Anawonjezera mwambi wa kwawo, woti mwana wamkazi akakwatiwa ndi madzi otayidwa pansi, sawoleka. Anamuuza zimenezo munthu amene anasiya sukulu chifukwa cha Yaozu yemweyo! Ine ndikanakhala ndi nambala yawo ndikanawatukwana m'Chiyao, akanamva ndithu.

Kunatsala khomo limodzi. Haitao anaimbira kwawo ataimirira. Apongozi anavomera msanga, mokoma, za dzina osatchula n'komwe. Zhaodi sanagone bwino masiku amenewo. Iye kupita yekha sakanatha, ankaopa kuti akatuluka sadzaloledwanso kulowa. Mwanayo anamutenga mayi wina wa kwawo amene ankabwerera kotheratu, malo ake odyera atagwa. Ku eyapoti Zhaodi anaika pakamwa pake pa khutu la mwana n'kumanong'oneza dzina lija mobwerezabwereza, ngati akulithira m'botolo kuti lisatayike panjira. Ine ndinamukulunga m'chitenje cha mbalame chija. Anali asanakwanitse chaka.

Kuyambira pamenepo moyo wa Zhaodi unali Lamulungu m'mawa. Kuno kukamacha, kwawoko kumakhala madzulo, ndiye ankatsegula laputopu patebulo la kukhitchini asanakwere sitima. Ankadzola, kupesa tsitsi, kuvala bulauzi yabwino. Agogo aakazi ankabwera ndi mwana pa kamera. Ankamusamala, zimenezo sindingawanamizire, mwana anali wonenepa, wovala bwino. Mkulu uja sankaonekera, tinkangomva kutsokomola kwake. Koma kumbuyoko, wina akamadutsa, tinkamva: Laidi, Laidi.

Haitao ankati ndi dzina la pakhomo chabe, mwana aliyense kwathu amakhala nalo, pa pasipoti ndi Mingzhu. Zhaodi ankati mwana sayankha pasipoti. Iye sanagonje. Lamulungu lililonse, "Mingzhu, Mingzhu, yang'ana amayi." Mwana akadali wamng'ono ankayang'ana chilichonse chowala, ndiye tinkadzinamiza kuti wamva. Atayamba kuyenda ndi kulankhula, bodza lathu linatha. Mayi ake akaitana, iye ankapitiriza zake ngati wailesi ikulankhula za nyengo.

Chaka chinatha, china n'kulowa. Chaka chino timutenga, chaka chino timutenga, koma ntchito sizinabwerere. Zhaodi anaonda, anayamba imvi ali mtsikana. Ine ndinkamuitanabe make Mingzhu, mwadala, mokweza, makamaka alamu akakhala pafupi.

Lamulungu lina chakumapeto kwa 2012 ndinali kukhitchini ndikuwiritsa madzi a tiyi. Laputopu inali yotsegula. Agogo aja anamukhazika mwana pamkeka n'kupita kukaona mphika, kamera n'kuisiya. Mingzhu anali atatifulatira, akusewera ndi kachidole. Anali atakakulunga m'kansalu kothaitha, ndipo nditayang'anitsitsa ndinazindikira mbalame zanga zobiriwira.

"Mingzhu," anaitana Zhaodi.

Mwana anapitiriza kuguguda chidole chake.

"Mingzhu, mwanangu. Ndi amayi."

Ngakhale kugwedeza khutu. Tinkangoona kamsana ndi timichira tiwiri ta tsitsi. Haitao anasuzumira pakhomo atavala kale jekete, n'kuloza wotchi kuti sitima. Sabata yapitayo intaneti inali itavuta, sanamuone. Sabata inayo mwana anali atagona. Zhaodi anaitananso kachitatu, mawu akuthothoka. Ine ndinazimitsa ketulo chifukwa inkasokosa.

Zhaodi anagwira m'mphepete mwa tebulo ndi zala zake zopindika zija, n'kuyandikitsa nkhope pa kamera.

"Laidi."

Mwana anatembenuka nthawi yomweyo. Anataya chidole, n'kuthamangira pa kamera akuseka, nkhope yonse kudzaza sikirini, timano toyera, mphuno ya mayi ake yeniyeni. "Mama! Mama!" Zhaodi naye anaseka, misozi ikutsikira m'kamwa, n'kulitchulanso dzinalo kachiwiri, kachitatu, kuti mwana asachoke. Kenako kamwanako kanapendeketsa mutu n'kufunsa kanthu, mwa kayimbidwe kaja ka mwana amene waphunzitsidwa mawu oti akanene kwa alendo. Kumbuyo kunamveka kuseka kwa mkulu uja.

Zhaodi anayankha liwu limodzi, n'kutseka laputopu pang'onopang'ono.

"Wati chiyani?" ndinafunsa.

"Wati mlongo wanga abwera liti."

"Iwe wati chiyani?"

"Ndati posachedwa."

Ndinathira tiyi m'kapu n'kumuikira patsogolo. Ndinati, "Imwa kaye, make Mingzhu, kunja kukuzizira."

Anaimirira, anavala jekete lake lonunkha mafuta, n'kukoka zipi mpaka m'khosi. Tiyi sanamukhudze.

"Achemwali, munthu ameneyo kulibe," anatero. "Muzingoti Judy."